Cepetsani Kulemera kwa Kanema Musanamtumize

Alimi anzathu, ciyambire caka ca 2016 pamene mbozi za nchembere zandonda zinalowa m'minda ya cimanga muno m'Zambia, ambiri a inu mwazolowera kujambula kanema pa lamya ya m'manja ndi kumtumiza kwa Mlangizi, kapena kwa mwana wanu wa ku Kabwata kuti akufunsireni mankhwala. Nzeru imeneyi njabwino. Koma kanema wolemera amatha ndalama, ndipo kumudzi kumene netiweki njofooka amaima panjira, mbozi zikudyabe.

Mlimi wocenjera salipira galimoto kuti inyamule zitsononkho, amayamba watonola. Citani comweco ndi kanema.

Kulemeraku kucokera kuti? Kanema ndiye zithunzi zambiri zotsatizana, kawirikawiri 30 pa sekondi imodzi, ndipo cithunzi ciri conse capangidwa ndi timadontho. Pa muyeso wa 1080p timadonthoto tiposa 2,000,000. Pa 720p tiri 921,600, ndiko kuti sitifika ndi theka lomwe. Akatswiri a ZNBC, pa msewu wa Alick Nkhata wocokera ku Longacres, ayenera zithunzi zazikuru cifukwa ao aonetsa dziko lonse pa wailesi ya kanema. Inu muonetsa munthu mmodzi yekha, pa galasi losaposa cikhatho.

Cotero musanajambule, tsegulani Settings ya kamera ndi kusankha 720p. Jambulani kwa theka la mphindi basi. Munda wonse kufikira kudambo Mlangizi alibe nao nchito. Gwirani lamya nji, pakuti kanema wogwedezeka sacepetseka bwino, amangocita cimbuuzi. Ngati mwajambula kale wamtali, WhatsApp ikulolani kudula kumutu ndi kumcira musanatumize, nicepetsanso yokha kulemera kwace. Koma mukatumiza ngati Document, apita wolemera monga analiri.

Cenjerani, musacepetse mopitirira. Mlangizi azindikira mbozi imeneyi poona cizindikiro conga Y wozondoka pamutu pace, ndi madontho anai akuda ca kumcira. Izi zikafafanizika, ndalama zanu zapita cabe. Funyululani mtima wa cimanga, sendezani lamya pafupi, dzuwa liri kumbuyo kwanu, ndipo nenani momveka dzina la mudzi ndi tsiku limene munabzala. Kanema woyambayo musamfafanize kufikira Mlangizi atayankha.