Mpendadzuwa wawerama, ndidule?

Funso: Alangizi, ndimakhala ku Cateme m'boma la Moatize. Ndinadzala mpendadzuwa kuseri kwa nyumba kumayambiriro kwa Januwale. Pano Malichi akutha, mitu yawerama, njiwa ndi mpheta zikungojompha. Ndidule tsopano? Nanga pamalopo ndidzalepo chiyani?
*Mayi wa ku Cateme*

Yankho: Musapupulume, mayi. Mpendadzuwa umatenga masiku 90 mpaka 120, ndipo kuwerama kokha sikukhwima. Suzumirani kumsana kwa mutu. Ngati kukadali kobiriwira, dikirani. Kukachita chikasu n'kuyamba kuderako, dulani. Swaninso njere imodzi ndi mano: yokhwima imathetheka, yosakhwima imangofwanyika. Mukafulumira, mafuta adzatuluka ochepa.

Mbalamezo musalimbane nazo ndi chiopsezo cha nsanza, zimachizolowera sabata isanathe. Kulungani mitu ikuluikulu ndi chitenje chakale chopepuka, osati jumbo, imaoletsa. Mukadula, yanikani pathandala, mbewa zisafikepo.

Mvula ikupita, ndipo nthaka yakwanuko ndi yamiyala, sichedwa kuuma. Musakulitse munda. Konzani mabedi awiri pafupi ndi khomo, thirani manyowa owolerana a mbuzi, fesani mpiru ndi bonongwe, kenako phimbirani ndi udzu. Madzi otsukira mpunga musataye, thirirani pamenepo madzulo.