Tulo ndi chiyani, nanga tizigona maola angati?



Semesita yathayi ndinachezera masiku atatu motsatizana ndikuwerengera mayeso. Ndinkagona cha m'ma 2 koloko, kapu ya khofi ili pambali. Fajr inandidutsa kawiri, ndipo m'chipinda cha mayeso funso lomwe ndinaliwerenga usiku womwewo ndinkangoliyang'ana, mutu uli zii. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti zimenezi tinaziphunzira kale ku madrasa, ine n'kumaziona ngati nkhani za ana.

Qur'an yolemekezeka imatchula tulo m'malo angapo. Mu Surat Ar-Rum ayah 23, kugona kwaikidwa m'gulu la zizindikiro za Allah. Mu An-Naba ayah 9 mpaka 11, tulo ndi mpumulo, usiku ndi chofunda, usana ndi nthawi yosaka zosowa pamoyo. Koma yomwe imandiimitsa ndi Az-Zumar ayah 42, yomwe imaika tulo pafupi ndi imfa: mizimu imatengedwa, ina n'kubwezedwa mpaka nthawi yake itakwana, ina ayi. N'chifukwa chake dua ya podzuka ndi yothokoza ngati ya munthu amene wapatsidwanso moyo. Tangoganizani, munthu wamphamvu, wosenza thumba la chimanga la makilogalamu 50 yekha, usiku uliwonse amagona osadziwa ngakhale dzina lake.

Nanga maola angati? Qur'an ndi Hadith sizitipatsa nambala, apa timamvera akatswiri a zaumoyo. Mu 2015 bungwe la National Sleep Foundation la ku America linatulutsa malangizo akuti munthu wa zaka 18 mpaka 64 azigona maola 7 mpaka 9, wa zaka 14 mpaka 17 maola 8 mpaka 10, ndipo mwana wa zaka 6 mpaka 13 maola 9 mpaka 11. Ang'ono athu omwe amapita kusukulu m'mawa, madrasa masana, amafunika tulo tambiri kuposa ife.

Munthu akagona ubongo sutseka ntchito. Tulo timayenda m'magawo obwerezabwereza, kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi mphindi 90. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku, pomwe tulo ta maloto timachuluka chakum'bandakucha. Nthawi imeneyi ndi yomwe ubongo umasanja ndi kukhazikitsa zomwe waphunzira masana. Ndiye amene akuloweza Surat kapena manotsi a MSCE n'kudula tulo, akuthira madzi mu ndowa yobooka. Khofi naye amangotseka makutu a ubongo kuti usamve kutopa. Kutopako kuli pompo, ndipo pakatha maola asanu pafupifupi theka la mphamvu ya khofiyo limakhala likadali m'magazi.

Tsopano tiyeni tiwerengere za kwathu kuno ku Mchinji. Mu November ndi December, Isha imalowa itangodutsa 7 koloko, Fajr cha m'ma 4 koloko kapena isanakwane pang'ono. Mu June usiku umatalikirapo, Fajr imayandikira 5 koloko. Pakati pa Swala ziwirizi pali maola oposa 8. Nthawi ilipo ndithu. Mu Sahih Bukhari muli nkhani yakuti Mtumiki (SAW) sankakonda kugona Isha isanakwane komanso macheza pambuyo pake. Ife macheza athu pano ndi bandulo ya usiku, TikTok, ndi mpira wa Champions League womwe nthawi zina umayamba 10 koloko n'kutha pakati pausiku. Ukagona 12 n'kudzukira Fajr, wagona maola anayi basi. Ukapanda kudzuka, mukudziwa kale chomwe chatayika. Sindikunena kuti mpira ndi haramu ayi, nanenso ndimaonera, koma masamuwo ndi amenewo.

Ngakhale ibada yeniyeniyo sinaloledwe kulanda tulo tonse. Abdullah ibn Amr (RA) ankaswali usiku wonse n'kumasala tsiku lililonse, ndipo Mtumiki (SAW) anamuuza kuti achepetse, pomukumbutsa kuti thupi lake ndi maso ake zili ndi gawo lake pa iye. Tsiku lina anapeza chingwe chitamangidwa mumzikiti, cha Zainab (RA) chogwirira akatopa poswali, n'kulamula kuti chimasulidwe. Ngati Tahajjud ili ndi malire otere, nanga WhatsApp?

Ndikuganiziranso abale athu oyendetsa mathiraki omwe amadikirira mapepala pa boda ya Mwami, a minibasi mumsewu wa M12 wopita ku Lilongwe, ndi a kabaza a pa Kamwendo. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofanana ndi amene wamwako mowa. Msilamu woti mowa sanaulawepo akhoza kunyamula anthu ali ngati woledzera, iye osadziwa. Kwa otere, komanso alonda ndi amayi a makanda, qailula, kagonedwe kakafupi ka masana ka mphindi 20 kapena 30, imathandiza kwambiri, ngakhale siilowa m'malo mwa tulo ta usiku.

Koma ngati mumagona msanga tulo osabwera kwa masabata angapo, kapena a kunyumba amakuuzani kuti mumaliza mkonono mpaka kubanika, pitirizani ma dua anu koma mukaonanenso ndi adokotala.

Wallahu a'lam.