Sikirini ya Galimoto Yamagetsi: Ikonzeni Kuti Igwirizane ndi Maso Anu

Munthu wozolowera galimoto za petulo akalowa koyamba mu Tesla Model 3, chimene amayamba kusakasaka ndi mita ya liwiro. Kuseri kwa chiwongolero kulibe kanthu. Chitulukireni galimotoyi mu 2017, liwiro, mphamvu yotsala mu batire, mapu ndi makina oziziritsa mpweya zonse zimaonekera pa sikirini imodzi ya mainchi pafupifupi 15 yomwe ili pakati pa dashibodi. Volvo EX30 ya mu 2023 inatengera zomwezo, moti ngakhale magalasi oonera kumbuyo mumawawongolera pa sikirini. BYD Atto 3 inasiyako kasikirini kakang'ono kuseri kwa chiwongolero, ndipo Nissan Leaf nayo manambala ake ali patsogolo pa dalaivala.

Mita yapakati si yachilendo kwathu kuno. Amene anayendetsapo Vitz kapena Sienta yakale amaidziwa. Komatu ija inali pamwamba, chapatali, m'munsi mwa galasi lakutsogolo, ndipo ntchito yake inali kungosonyeza manambala. Ya masiku ano ili pafupi, chakumunsi, ndipo imafuna diso ndi chala pamodzi. M'maiko athu ano timayendetsera kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, choncho sikirini imagwidwa ndi dzanja lamanzere, lomwe kwa ambiri a ife si lozolowera kulasa pakadontho kakang'ono galimoto ikudumpha m'maenje.

Tiwerengetse pang'ono. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana pa sikirini masekondi awiri, mwayenda mamita 56 muli ngati wotsinzina. Kafukufuku wa Virginia Tech Transportation Institute amene anatuluka mu 2006 anapeza kuti kuchotsa maso pamsewu kopitirira masekondi awiri kumachulukitsa kawiri mpata wochita ngozi kapena kutsala pang'ono kuichita. Pachifukwa ichi, mu 2013 bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, la NHTSA, linalangiza opanga galimoto kuti ntchito iliyonse ya pa sikirini isamafune kuyang'ana kopitirira masekondi awiri nthawi imodzi, ndipo kuyang'ana konse pamodzi kusapose masekondi 12. Malangizo onse otsatirawa cholinga chawo n'kuteteza masekondi awiri amenewa.

Choyamba, yesani maso anu m'galimotomo musanapereke ndalama. Khalani pampando wa dalaivala galimoto ili chiimire. Sankhani chinthu chakutali, kaya mtengo kaya nambala ya galimoto ina, chiyang'anitseni, kenako tembenuzirani maso pa nambala ya liwiro, muiwerenge, mubwerere kumtengo kuja. Bwerezani kangapo. Ngati nambala ikuyamba kuoneka mwachimbuuzi kenako n'kumayera pang'onopang'ono, kapena mtengo ukuchedwa kuoneka bwino mukabwerera, dziwani kuti pamsewu zidzachitikanso choncho, usiku n'kuposerapo. Yesaninso kupeza mawaipa, magetsi ochenjeza za ngozi ndi chochotsera nthunzi pagalasi popanda wogulitsa kukulozerani. Mukafunika kutsegula masamba awiri kapena atatu kuti mufike pa mawaipa, ganizirani za mvula ya mu Januwale imene imabwera mosagogoda. Ngati galimotoyo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku Japan, onetsetsani ngati zolemba za pa sikirini zingathe kusinthidwa kuchoka m'Chijapanizi. Chenjezo limene simungathe kuliwerenga limakudyerani nthawi yambiri kuposa lililonse.

Chachiwiri ndi mpando. Ukonzeni poganizira msewu, chiwongolero ndi mabuleki, sikirini ibwere pambuyo. Msana utsamire bwino, manja akagwira chiwongolero zigongono zikhale zopindika pang'ono, ndipo pakati pa chifuwa chanu ndi chiwongolero pakhale masentimita osachepera 25 chifukwa cha thumba la mpweya lotchinjiriza pangozi. Mukatero, onani ngati dzanja lanu kapena mkombero wa chiwongolero sukuphimba nambala ya liwiro. Ngati ukuphimba, kwezani kapena tsitsani chiwongolero. Musasendeze mpando kutsogolo pofuna kuwerenga zolemba zing'onozing'ono. Kulitsani zolembazo ngati galimoto ikulola.

Chachitatu ndi nkhani ya magalasi a maso, ndipo apa m'pamene pagona vuto la madalaivala ambiri. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa kamene kamasintha kaumbidwe kake kuti tione zapafupi ndi zakutali. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasika kamayamba kulimba. N'chifukwa chake bambo amene kale ankawerenga uthenga wa pa foni mosavuta amayamba kutambasula dzanja. Si matenda ayi, ndi msinkhu. Koma sikirini ya galimoto simungaikankhire kutali monga foni. Ili pamtunda wovuta, wotalikirapo kuposa buku, wofupika kwambiri kuposa msewu.

Magalasi owerengera, aja ogula pamsika kapena kufamase, musawavale poyendetsa. Sikirini idzaoneka bwino, msewu udzasanduka chifunga. Magalasi a zigawo ziwiri, okhala ndi kamzere pakati, chigawo chapamwamba n'choonera kutali, chapansi n'chowerengera, ndipo sikirini kawirikawiri imagwera pakati pomwe palibe chigawo choithandiza. Magalasi otchedwa progressive ali ndi chigawo chapakaticho, koma ndi kanjira kopapatiza, ndipo m'mbali mwake zinthu zimaoneka zosokonekera. Popeza sikirini ili chakumanzere, kungoponyako diso la m'mbali kumakufikitsani pamalo osokonekerawo. Phunzirani kutembenuza mutu pang'ono, mphuno iloze pa nambala, n'kubwerera msanga.

Chitani ichi: tengani tepi, wina akuyezeni kuchokera padiso kufika pa sikirini mutakhala monga mumakhalira poyendetsa. Muyezo umenewo mupite nawo kwa wopima maso, mumuuze kuti galimoto yanu liwiro lake limaonekera chakumbali. Amatha kukusankhirani magalasi okhala ndi chigawo chapakati chotakasuka. Ambiri timangonena kuti tikufuna magalasi oyendetsera galimoto, osafotokoza kuti galimoto yake ndi yotani.

Magalasi a dzuwa nawonso ayeseni. Aja otchedwa polarized amathandiza kwambiri pamsewu wonyezimira, koma amatha kudetsa sikirini kapena kuzimitsa manambala oonekera pagalasi lakutsogolo. Avaleni, yang'anani sikirini, pendeketsani mutu uku ndi uku. Mu BYD imene sikirini yake imazungulira, yesani itagona ndiponso itaimirira, chifukwa ikhoza kuoneka bwino mbali imodzi n'kuda mbali inayo.

Chachinayi, kuwala. Masana ikani sikirini pa kuwala kodzisintha yokha. Usiku isankhireni maonekedwe akuda ndipo muitsitse mpaka pomwe mukungotha kuwerenga liwiro. Diso limene langoyang'ana chinthu chowala limatenga kanthawi kuti lizolowerenso mdima, ndipo misewu yathu yambiri ilibe magetsi. M'kanthawi kameneko ndi momwe mumakumana ndi wakabaza wopanda nyali, mbuzi, kapena mayi wasenza nkhuni m'mphepete mwa tala. Sikirini yodzaza zidindo za zala ndi fumbi imathobwa m'maso dzuwa likaiwomba cham'mbali. Sungani kansalu kofewa m'galimoto, muziipukuta musananyamuke.

Chachisanu, malizani zonse galimoto isanasunthe. Kumene mukupita, wailesi, kuzizira kwa mpweya, magalasi oonera kumbuyo, foni yolumikizidwa: zonsezi zitheretu pakhomo. Mu 2022 magazini ya ku Sweden yotchedwa Vi Bilägare inayesa galimoto zatsopano 11 pamodzi ndi Volvo V70 ya 2005 ya mabatani okhaokha. Dalaivala ankachita timantchito tofanana, monga kusintha wailesi ndi kukweza kutentha, akuthamanga makilomita 110 pa ola. Mu Volvo yakaleyo anamaliza m'masekondi 10, atayenda mamita 306. Mu MG Marvel R yamagetsi zinamutengera masekondi opitirira 44, mtunda woposa kilomita imodzi. Ine ndimaona kuti opanga galimoto anapyola muyezo pochotsa mabatani, ndipo si ine ndekha. Bungwe la Euro NCAP, limene limapereka nyenyezi za chitetezo ku Ulaya, linalengeza kuti kuyambira 2026 liziyang'ananso ngati ma indiketa, hutala, mawaipa, magetsi ochenjeza za ngozi ndi batani loitanira chithandizo zili zogwirika ndi dzanja. Koma galimoto zopangidwa kale zija ndi zomwe zidzatifike kuno, choncho kudziteteza kuli ndi ife.

Ntchito zomwe mumazifuna kawirikawiri ziikeni pamzere wapafupi wa sikirini, ndipo lowezani mabatani a pachiwongolero mpaka chala chizipita chokha. Kulamula ndi mawu kuyeseni muli chiimire, popeza makinawa nthawi zambiri amavutika ndi katchulidwe kathu ndi maina a malo athu. Ngati sakukumvani pakhomo, pamsewu sadzakumvaninso.

Pali zizolowezi ziwiri zimene galimoto yamagetsi imabweretsa. Choyamba, ilibe phokoso la injini kapena kusintha kwa magiya kokuuzani kuti mwathamanga, ndiye mumangokhalira kusuzumira liwiro. Tcherani chochepetsa liwiro kapena belu lochenjeza, khutu ligwire ntchito m'malo mwa diso. China ndi nkhawa ya batire. Werengetsani musananyamuke kuti mukatchaja kuti, ndipo nambala ya batire muziiona pamalo owongoka opanda anthu, osati mphindi iliyonse.

Mukakakamizika kugwira sikirini muli paulendo, tsamiritsani zala m'mphepete mwake kuti dzanja lisagwedere, gwirani kamodzi, bwezani maso pamsewu, kenako mupitirize. Musachite zimenezi pokhota, pamphambano, pamsika wa m'mbali mwa msewu kapena pafupi ndi sukulu. Chimene sichikutheka ndi kugwira kawiri, patukani muime, kapena mupatseni amene mwakwera naye. Ngati galimoto yanu imaonetsa liwiro pagalasi lakutsogolo, igwiritseni ntchito mbali imeneyo. Manambala ake amaoneka ngati ali patsogolo pa boneti, choncho diso silivutika kusintha. Ingosiyanipo liwiro ndi muvi wa njira, zina zonse muchotse.

Chomaliza ndi kupimitsa maso. Ku Britain lamulo limati dalaivala azitha kuwerenga nambala ya galimoto ali pamtunda wa mamita 20, ndipo muyeso umenewu mungadziyese nokha pabwalo, diso limodzi panthawi. Koma sungakuuzeni za ng'ala imene ikuyamba, yomwe imachititsa kuti nyali za galimoto zina zizikuthobwani usiku, kapena za kuwonongeka kwa maso kobwera ndi matenda a shuga. Zipatala monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma zili ndi mbali yoona za maso. Ngati mwakwanitsa zaka 40, kapena papita zaka ziwiri musanapimitse, pitani mukapimitse musanayambe ulendo wautali ndi galimoto yatsopanoyo, ndipo musaiwale kutenga muyezo wa sikirini yanu.