Kuphika Mofulumira kwa Anthu Apantchito

M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu muli anthu ambiri amene amachoka pakhomo mbandakucha, nabwerera dzuwa litalowa. Munthu wotere akafika kwawo ku Ndirande kapena ku Kawale ali wolema, sakhumbanso kukoleza mbaula. Amangogula buledi womwera tiyi, kapena kuima pachiwaya. Mimba imakhuta ndithu, koma thupi limasowa zolimanga ndi zoliteteza ku matenda. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti tsiku lililonse munthu azidya zakudya za magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Buledi ndi tiyi wopanda mkaka ndi gulu limodzi lokha.

Chikhalirecho ndiwo zabwino zambiri sizichedwa kupsa. Usipa kapena bonya, akatsukidwa m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, amapsa ndi tomato ndi anyezi phala la nsima lisanathe kuthakatha. Mazira nawo ndi chimodzimodzi. Nkhwani, mpiru ndi bonongwe zimafuna madzi pang'ono owira kale, chivundikiro, ndi mphindi zosapitirira 10 pamoto. Wosinjiratu nsinjiro Loweruka, nazisunga m'botolo louma lotseka bwino, adzatendera masamba ake mlungu wonse popanda kugwira mtondo usiku.

Ndiwo zovuta ndi nyemba. Pofuna kuti zifewe msanga, ambiri amathiramo soda kapena chidulo, ndipo ena amatero ngakhale m'masamba. Kumeneku n'kudzimana, pakuti soda amawononga vitamini B1 wa m'nyemba ndi vitamini C wa m'masamba. Njira yoyenera ndiyo kusankha nyemba m'mawa ndi kuziviika m'madzi ambiri asananyamuke. Pobwera madzulo zimakhala zitafufuma, ndipo zimapsa msanga ndi makala ochepa. Madzi oviikira atayidwe. Nyembazo, makamaka zofiira, zibwate kwambiri mphindi zosachepera 10 moto usanachepetsedwe, chifukwa zosapsetsa zili ndi poizoni wosanzitsa ndi wotsegula m'mimba, yemwe amatha pokhapokha zikawira chomwecho.

Ngozi yaikulu kwa anthu apantchito ili pa chakudya chotsala. Si kulakwa kuphika ndiwo zambiri kuti zidyedwenso mawa. Kulakwa kuli pa kasungidwe. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira m'chakudya chofunda, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri: chikhale chotentha kuposa madigiri 60, kapena chozizira m'firiji pansi pa madigiri 5. Amene ali ndi firiji agawe ndiwozo m'timbale tating'ono tovundikira kuti zizizire msanga, ndipo azitenthetsa zokwanira kudya nthawi imodzi basi. Amene alibe firiji achita bwino kuphika zotha tsiku lomwelo. Zikatsala, zivundikiridwe, ndipo m'mawa ziwiritsidwe mpaka zibwate mphika wonse, azitakasa kuti kutentha kufike pakati. Kungofunditsa pa makala ozilala n'koopsa koposa, popeza kumapatsa tizilombo kutentha kumene timakonda.

Pali chizolowezi chonunkhiza mphika, nati ngati ndiwo sizinasase ndiye kuti zili bwino. Mphuno siyeza tizilombo. Chakudya chingathe kudwalitsa banja lonse fungo lake lili labwinobwino, ndipo oyamba kufooka ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba. Ameneŵa aziphikiridwa chakudya chatsopano, osati mkute wogona.

Mpunga ufunika chenjezo lakelake. Ukagona pamtunda, mtundu wina wa tizilombo umasiyamo poizoni amene satha ngakhale mpungawo utenthetsedwe kapena kukazingidwa. Choncho mpunga wotengera ku ntchito uphikidwe m'mawa momwemo, kapena ugone m'firiji utangozizira.