PHUNZIRO LA TSIKU LA 10 LA RAMADHANI: KODI AISRAELI NDI APALESTINA ANGADZAKHALE PAMTENDERE?



Phunziro ili muliwerenge mutatha kudya futali, kapena pobwera kuswala ya Taraweh, banja lonse lili pamphasa. Tsiku ngati lomweli, pa 10 Ramadhani, amene anali 6 Okotobala 1973, asilikali a Egypt ndi Syria anayamba nkhondo ndi Israel. Zaka zoposa 50 zapita, koma mlandu wa dziko limenelo sunagamulidwebe. Paja akulu anati mlandu suola.

Wina afunsa kuti, "Nanga ife asodzi a ku Makanjira, ku Nkhotakota ndi ku Salima, za kutali chotere zikutikhudza bwanji?" Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, ku Jerusalem kuli mzikiti wa Al-Aqsa, kumene Asilamu oyamba anali kuyang'ana poswali, kufikira patapita miyezi 16 kapena 17 Mtumiki Muhammad (S.A.W.) atasamukira ku Madinah. Chachiwiri, kuyambira 2023 ana a dziko lino akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Chachitatu, m'mwezi uno timakweza manja kupempha mtendere, ndipo nkoyenera kuti wopempha adziwe chimene akupempha.

1. DZIKOLO NDI ANTHU AKE

Dziko limene akulimbirana ndi laling'ono, lili pakati pa mtsinje wa Jordan ndi nyanja ya Mediterranean. Chigawo cha Gaza nchachikulu makilomita 365 m'bwalo lake lonse, kutanthauza kuti sichifika ngakhale theka la nkhalango ya Lengwe imene tayandikana nayo kuno kwa Lundu. Koma m'kachigawo kameneko muli anthu oposa 2 miliyoni. Boma la Nsanje nlalikulu kasanu kuposa Gaza, pamene anthu ake pa kalembera wa 2018 anali pafupifupi 300,000 basi.

Tisasokoneze maina. Myuda ndi munthu wa mtundu ndi chipembedzo cha Chiyuda, ndipo Ayuda ambiri sakhala ku Israel konse. Israel ndi boma limene linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo mwa nzika zake zisanu zilizonse, mmodzi ndi Mwarabu. Apalestina ambiri ndi Asilamu, koma alipo Akhristu, monga a ku Bethlehem. Tsono amene anena kuti iyi ndi nkhondo ya zipembedzo chabe walakwa. Muzu wake ndi malo, nyumba, minda, madzi ndi ulamuliro.

2. MLANDU UNAYAMBA BWANJI?

Mu 1917 boma la Britain, lomwe lija linali kulamula Nyasaland, linalonjeza Ayuda kuti adzakhala ndi kwao m'dziko la Palestine, m'mene anthu ochuluka panthawiyo anali Aarabu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Hitler linapha Ayuda okwana 6 miliyoni, ndipo ambiri mwa opulumuka anathamangira ku Palestine. Mu Novembala 1947 bungwe la United Nations linati dzikolo ligawidwe pawiri. Atsogoleri a Ayuda anavomera, Aarabu anakana ponena kuti dziko lao likugawidwa iwo osafuna. Nkhondo inabuka, ndipo pofika 1949 Apalestina pafupifupi 700,000 anali atathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yao. Sanaloledwe kubwerera. Tsoka limeneli amalitcha Nakba.

Mu Juni 1967, pa nkhondo ya masiku 6, Israel inalanda West Bank, Gaza ndi kum'mawa kwa Jerusalem kumene kuli Al-Aqsa. Kuchokera pamenepo yakhala ikumanga midzi ya anthu ake pamalo olandidwawo.

Taonani tsono, mbali iliyonse ili ndi maliro ake. Myuda akumbuka makolo ake amene anaphedwa ku Ulaya popanda wowateteza. Mpalestina asunga kiyi wa nyumba ya agogo ake imene sanaionenso.

3. PAMENE ANAYESA KUGWIRANA CHANZA

Mu Novembala 1977 Pulezidenti Anwar Sadat wa ku Egypt anapita yekha ku Jerusalem, naswali ku Al-Aqsa pa tsiku la Idi ya nsembe. Mu 1979 Egypt ndi Israel anasaina pangano la mtendere, ndipo Egypt inabwezeredwa dziko lake la Sinai. Jordan nayo inasaina mu 1994.

Pa 13 Sepitembala 1993 Yasser Arafat ndi Yitzhak Rabin anagwirana chanza ku Washington pa pangano la Oslo. Anthu anati basi kwacha. Koma mu Febuluwale 1994, m'mwezi wa Ramadhani, Myuda wina wa m'midzi yomangidwa pamalo olandidwa analowa mumzikiti wa Ibrahim ku Hebron napha anthu 29 ali pa swala ya m'mamawa. Pambuyo pake a gulu la Hamas anayamba kuphulitsa mabomba m'mabasi a anthu wamba ku Israel. Mu Novembala 1995 Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzake wodana ndi panganolo, monganso Sadat anaphedwa mu 1981 ndi asilikali a kwao omwe.

Apa pali phunziro lowawa: wofuna mtendere amakhala ndi adani kutsogolo, komanso kumbuyo, m'nyumba mwake momwe.

Zokambirana za mu 2000 ku Camp David zinalephereka. Mu 2002 maiko a Aarabu atakumana ku Beirut anati onse adzakhala pamtendere ndi Israel ikachoka m'malo amene inalanda mu 1967, koma mau amenewo sanabale chipatso.

4. MOTO WA MU 2023

Pa 7 Okotobala 2023 a Hamas anatuluka mu Gaza napha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel, ambiri a iwo anthu wamba, nagwira ena pafupifupi 250. Israel inabwezera ndi nkhondo imene inatha zaka ziwiri. Pofika pakati pa 2025, unduna wa zaumoyo ku Gaza unali utawerenga maliro oposa 60,000, ndipo ochuluka mwa iwo anali amayi ndi ana ndi anthu osagwira mfuti. Nyumba, zipatala, masukulu ndi mizikiti zinagwetsedwa. Mu Ogasiti 2025 akatswiri oona za chakudya analengeza kuti mumzinda wa Gaza mwagwa chilala chakupha anthu. Pa 10 Okotobala 2025 mbali ziwirizi zinagwirizana kuleka kuomberana, ndipo patapita masiku atatu ogwidwa 20 amene anali moyo anamasulidwa, Israel nayo nimasula akaidi a Chipalestina pafupifupi 2,000.

Kuleka kuomberana si mtendere ayi. Kuli ngati mwera ukaleka madzulo: msodzi wanzeru adziwa kuti mafunde sanagone.

Tinene poyera, pakuti tili pa swaumu ndipo lilime liyenera kunena zoona. Chisilamu chimaletsa kupha mwana, mayi, nkhalamba ndi aliyense wosamenya nkhondo. Lamulo limeneli silisankha mtundu. Kupha ana a ku Gaza ndi tchimo lalikulu, kupha ana a Ayuda pa 7 Okotobala linalinso tchimo lalikulu.

5. MFUNDO ZIMENE ZIKUKANIKA KUMASUKA

(a) Malire. Maiko ambiri amati pakhale maiko awiri oyandikana. Mu Sepitembala 2025 Britain, France, Canada ndi Australia anavomereza kuti Palestine ndi dziko. Koma Aisraeli oposa 700,000 anakhazikika kale ku West Bank ndi kum'mawa kwa Jerusalem, ndipo malo otsalira Apalestina ndi odukaduka. Mu Julayi 2024 khoti lalikulu la United Nations linati kukhala kwa Israel m'malo amenewo nkosemphana ndi malamulo. M'mwezi womwewo nyumba ya malamulo ya Israel inavota kukana dziko la Palestine.

(b) Jerusalem. Mbali zonse ziwiri zifuna kuti likhale likulu lao.

(c) Othawa kwao. Zidzukulu za othawa a mu 1948 tsopano ndi mamiliyoni, m'misasa ya ku Jordan, Lebanon, Syria, West Bank ndi Gaza. Iwo ati tibwerere kwathu. Israel iti akabwera onse, Ayuda adzachepa m'dziko lao.

(d) Mantha. Mwisraeli aopa maroketi ndi kubwereranso kwa tsiku ngati 7 Okotobala. Mpalestina aopa ndege, asilikali a pamsewu ndi kulandidwa munda.

(e) Atsogoleri. Mu 2007 Apalestina anagawanika, Hamas nitenga Gaza, Fatah nitsala ku West Bank. Chisankho chao cha aphungu chomaliza nkhondoyi isanabuke chinali cha mu 2006. Nanga pabwalo la mlandu adzayankhulira onse ndani?

Poona zimenezi, sitingakunamizeni kuti mtendere uli pafupi.

6. ZIMENE TINAONA KUNO KUCHIGWA CHA SHIRE

Komabe ife a kwa Lundu tili ndi chifukwa chosatayira mtima. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inayamba mu 1977 ndipo inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Kuyambira 1986 anthu anakhamukira kuno, ena pamabwato kuoloka Shire, ena wapansi, opanda ngakhale nsalu yofunda. Misasa inamangidwa ku Mankhokwe ndi ku Nyamithuthu m'boma la Nsanje, ndi ku Kunyinda m'boma la Chikwawa. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi, ndipo Malaŵi yense anasunga othawa oposa 1 miliyoni. Masiku amenewo mukanafunsa munthu pamsasa kuti nkhondo idzatha liti, akanangopukusa mutu.

Koma mu 1990 adaniwo anakhala pansi ku Rome, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Anakambirana zaka ziwiri, kukangana, kunyanyala, kubwereranso. Pa 4 Okotobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina. Mu 1994 kunachitika chisankho, ndipo misasa ija inayamba kuphwasuka, anthu kubwerera kwao. Mfuti zinaliranso kuyambira 2013, ndipo panafunika pangano lina mu 2019. Mtendere uli ngati ukonde, umafuna kusokedwa kawirikawiri.

Kusiyana kulipo, tisabise. A ku Mozambique anali ana a dziko limodzi, ndipo wothawa anali ndi munda womudikira. Wa ku Palestine mudzi wake mwina kulibenso. Koma zinthu zitatu nzofanana: palibe mbali imene ingamalize inzake ndi mfuti, pafunika mkhalapakati wodekha, ndipo munthu amapangana mtendere ndi mdani wake amene anamuphera mbale, osati ndi bwenzi.

Mtumiki (S.A.W.) anatisonyeza njira imeneyi ku Hudaibiya m'chaka cha 628, pamene analandira mfundo zimene maswahaba ena anaziona zowawa, nabwerera chaka chimenecho osalowa mu Makkah, kuti mwazi usakhetsedwe. Khalifa Umar atalandira Jerusalem anapatsa Akhristu chitetezo, ndipo mbiri imati anakana kuswali m'tchalitchi chao kuopa kuti Asilamu angadzachilande. Ndipo m'masiku athu ano, kuyambira 1995, kuli bungwe la Parents Circle, la mabanja mazanamazana a Aisraeli ndi Apalestina amene anataya abale pa nkhondoyi, koma amakhalira pamodzi kunena kuti zakwana.

7. MALAŴI NDI NKHANIYI

Dziko lathu lakhala paubale ndi Israel kuyambira 1964. Aisraeli anathandiza kuphunzitsa a Young Pioneers, ndipo mu 1973, maiko ambiri a mu Africa atathetsa ubale ndi Israel, Dr. Banda sanatero. Mu 1998 Malaŵi anavomerezanso dziko la Palestine. Mu Epulo 2024 anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Mu Sepitembala 2024, United Nations itavota kuti Israel ichoke m'malo olandidwa, maiko 124 anavomera, ndipo Malaŵi anali mwa maiko 14 okana. Nzika ili ndi ufulu kufunsa phungu wake za voti yotere, mwaulemu ndi mwamtendere.

Mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka pandege kukalima ku Israel, chifukwa nkhondo itayamba antchito ambiri a ku Thailand anabwerera kwao ndipo Apalestina analetsedwa kulowa. Ena anatsatira pambuyo pake. Chinawatuma ndi umphawi, si chidani ndi Apalestina ayi.

8. TICHITE CHIYANI PAKHOMO PATHU?

Pa daku ndi pomasula swaumu, pempherani ana a ku Gaza amene anaidziwa njala yopanda futali madzulo. Pemphereraninso onse ofedwa, ndi kuti Allah afewetse mitima ya atsogoleri a mbali zonse.

Mukafuna kupereka sadaka, perekani kudzera mwa akuluakulu a mzikiti amene muwadziwa, osati kwa munthu wongotulukira pa foni.

Musatumizirane zithunzi ndi nkhani za pa WhatsApp zimene simudziwa gwero lake. Bodza limaononga malipiro a swaumu.

Mwana akafuna kupita ku Israel, khalani naye pansi, muitane amalume ake ndi a Shehe. Muone kalata ya ntchito, mudziwe dera limene akakhale ndi pothawira mabomba. Banja limene mwana wao anapita kale musalinyoze pachitsime kapena padoko.

Mkwiyo wa kutali usatenthe nyumba ya mnansi. Mu Juni 2003, Asilamu asanu ochokera kunja atagwidwa ku Blantyre ndi kutulutsidwa m'dziko, anthu okwiya anaononga matchalitchi ku Mangochi. Akhristu amenewo sanagwire munthu. Mkhristu amene mukoka naye chilimila sindiye akuponya mabomba ku Gaza. Ndewu simanga mudzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi Myuda, Mwisraeli ndi boma la Israel nchimodzi? Fotokozani.
2. Tchulani mfundo zisanu zimene zikukanika kumasuka.
3. Nkhondo ya ku Mozambique ikufanana pati ndi iyi, nanga ikusiyana pati?
4. Kodi inu muli ndi mbale kapena mnansi amene simuyankhulana naye chifukwa cha malire a munda kapena malo oyanikapo usipa? Mudzapita liti kukamuona, Idi isanafike?

Allah alandire swaumu yathu, atonthoze olira, ndipo atsitse mtendere pa Jerusalem ndi pa midzi yathu yomwe. Amin.