Kudinda pa Nsalu ndi pa Pepala: Mayankho a Makalata Anu

Woulutsa: Ino ndi pologalamu yathu ya ntchito zamanja. Sabata yatha tinayamba nkhani yodinda maluwa pa nsalu ndi pa mapepala, ndipo makalata abwera ambiri. Alangizi athu ali kale pampando. Mayi, tiyambe ndi iyi ya ku Mchinji. Akuti: "Ndife gulu la amayi a banki m'khonde. Tinagula bafuta n'kudindapo masamba ndi nsomba ndi mbatata yosema, kuti tizigulitsa nsalu za patebulo. Zinakongola, koma wogula woyamba atachapa, maluwa onse anasuluka. Wina anati tiziviika m'madzi a mchere, koma sizinathandize. Tinalakwitsa pati?"

Mlangizi: Zikomo amayi a ku Mchinji, ndipo musagwe mphwayi. Kalata yanu ndiichedwerapo pang'ono, chifukwa magulu ambiri amathera pomwepa.

Tiyambe ndi bafuta weniweniyo. Nsalu yatsopano imakhala gwa chifukwa ku fakitale amaipaka zolimbitsa. Mukadinda musanaichape, penti amakhala pamwamba pa zolimbitsazo, ulusi osaukhudza, ndipo tsiku lochapa zonse zimapitira limodzi ndi madzi. Choncho ichapeni kaye ndi sopo m'madzi otentha, muitsukuluze bwino, iume, muisite. Muonetsetsenso kuti ndi thonje. Sololani timaulusi ta m'mphepete muyatse ndi machesi. Thonje limanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pomwe poliyesitala amasungunuka n'kuuma kampira kolimba. Thonje ndi limene limagwira bwino utoto, limapiriranso simbi yotentha.

Tsono penti. Simunanene kuti munagwiritsa ntchito wanji, koma ndikuganiza kuti ndi uja ana amajambulira kusukulu. Ameneyo madzi akamukhudza amasungunukanso. Wa pakhoma naye amaumitsa nsalu n'kumang'ambika. Funani amene pa botolo palembedwa kuti fabric paint. Ndi wodulirapo, ndikudziwa, koma pa ntchito yonseyi ndalama yanu ipite pamenepo basi. Zida zina zonse muli nazo pakhomo.

Mukatha kudinda, nsalu iume maola 24. Kenako itembenuzeni, muyalepo kansalu kena, musite malo alionse mphindi 3 mpaka 5 ndi simbi yotentha bwino, osawaza madzi. Ya makala imagwira ntchito chimodzimodzi ndi ya magetsi. Kutenthako ndi kumene kumamatiriza penti ku ulusi. Za mchere zija, amene anakuuzani anasokoneza zinthu ziwiri. Mchere amathira ponyika nsalu yonse mu utoto wa m'madzi, kuti utotowo ulowerere. Penti wodindira mchere samudziwa.

Woulutsa: Nanga mbatatayo, mayi, apitirize nayo?

Mlangizi: Pophunzirira ndi yabwino, bola akaidula aipukute kaye pa nyuzipepala chifukwa imatuluka madzi. Koma mawa lake imakhala itafota, ndipo wogula akafuna nsalu ina yofanana, nsomba ija simungaibwezenso. Pa malonda pangani chidindo chokhalitsa. Dulani nsomba yanu pa chubu chakale cha galimoto kapena pa patapata wakutha, muimate ndi guluu pa kathabwa. Pansi pa nsalu muziyala bulangete lakale lopinda kawiri, chifukwa patebulo pouma chidindo sichigwira ponse. Ndipo musamachinyike m'penti. Muzichipaka ndi kasiponji pang'onopang'ono, muyese pa chigamba, kenako muchiike pa nsalu, mukanikize ndi chikhatho osachigwedeza, n'kuchikweza molunjika.

Woulutsa: Iyi yachokera kwa aphunzitsi a Sitandade 6 ku Ntcheu. Akuti: "Pa phunziro la Expressive Arts ndinafuna kuti ana asindikize makadi. M'buku ndinawerenga za lino, koma kuno kulibe. Tinasema pa thabwa dzina la sukulu, koma litatuluka pa pepala linali chagada. Ana anakhumudwa kwambiri."

Mlangizi: Aphunzitsi, anawo akawauze kuti aona ndi maso awo lamulo loyamba la luso limeneli: chimene chili kumanja pa thabwa chimatuluka kumanzere pa pepala. Njira yake ndi yosavuta. Lembani mawuwo bwinobwino pa pepala ndi pensulo yakuda kwambiri. Vundikirani pepalalo pa thabwa, mukhule kumbuyo kwake ndi supuni. Zilembo zidzatsala pa thabwa zitatembenuka kale, inu n'kungotsatira. Musanaseme, onetsani thabwalo pa kalilole. Ngati mukuwerenga bwino m'kalilolemo, ndiye kuti zili bwino. Kumbukiraninso kuti chimene mwasema n'kuchotsa chimatuluka choyera, chimene mwasiya ndicho chimatenga inki.

Lino ndi chinthu chimene poyamba anachipangira kuyala pansi m'nyumba, ndipo akatswiri anachikonda chifukwa n'chofewa, mpeni umayenda mbali iliyonse. Kuno kumwera kwa Africa kunali katswiri wosema pa lino amene ndimafuna ana athu atamudziwa, John Muafangejo wa ku Namibia, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987. Anaphunzira pa sukulu ya zaluso ya ku Rorke's Drift ku South Africa. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera basi, za anthu, ng'ombe, tchalitchi ndi nkhondo, ndipo zambiri zili ndi mawu ochuluka ofotokoza nkhaniyo. Chilembo chilichonse anachisema chotembenuza. Ine ndikaganiza za kuleza mtima kumeneko, ndimapeza mphamvu.

Komabe kusowa kwa lino kusakuimitseni. Thabwa ndilo linayamba. Buku lakale kwambiri losindikizidwa lokhala ndi deti, la ku China la m'chaka cha 868, analidinda ndi matabwa osema. Pitani kwa kalipentala mukapemphe zidutswa za malaina kapena paini, azipale bwino. Zosemera mutha kupanga nokha: waya wa ambulera yothyoka, uja wopindika m'kati, mukamunola pa mwala n'kumuika chigwiriro, amadula mizere yokongola. Koma chonde, dzanja logwira thabwa lizikhala kumbuyo kwa mpeni nthawi zonse. Ana aang'ono musawapatse n'komwe zosemera. Iwo azidula makatoni ndi sizasi, kapena kumata chingwe ndi masamba ouma pa katoni, n'kudinda zimenezo.

Posindikiza, makina safunika. Pakani inki mopyapyala, ikani pepala pamwamba pa thabwa, mwana mmodzi agwire m'mphepete, wina azikhula ndi msana wa supuni mozungulira, kuyambira pakati. Asanachotse pepala, akweze ngodya imodzi asuzumire. Pomwe sipanagwire, abweze akhulenso. Ndiye muone nkhope zawo pepala likamatuluka lonse. Pepala lopyapyala limachita bwino kuposa lokhuthala, ndipo pano penti wa kusukulu uja ndi wokwanira, popeza khadi silichapidwa.

Woulutsa: Mnyamata wa ku Ndirande akufunsa mwachidule: "Kwaya yathu ikufuna ma T-shirt 30 olembedwa dzina. Ndingawachite ndekha?"

Mlangizi: Mungathe, achimwene. Kwa inu chidindo ayi, mupange stencil, ndiye kuti chipepala cholimba chobowola zilembo. Pulasitiki wa mafayilo kapena filimu yakale ya X-ray ndi wabwino, chifukwa sanyowa. Pano zilembo musazitembenuze. Samalani ndi A, O, B, D, P ndi R: siyani timilatho togwira pakati pake, apo ayi pagwa. M'kati mwa T-shirt lowetsani katoni kuti penti asadutsire kumsana. Siponji ikhale yotsala pang'ono kuuma, muzigogoda kuchokera pamwamba, osatsetsereka, chifukwa penti wambiri amalowa pansi pa stencil n'kunenepetsa zilembo.

Ngati mukufuna kuti ikhale ntchito yanu, khomani felemu ya matabwa, mukokepo nsalu ya makatani yopyapyala ija mpaka ithine kwambiri. Neti ya udzudzu ayi, maso ake ndi aakulu. Stencil imakhala pansi pa felemu, penti pamwamba, inu n'kumukoka ndi chidutswa cha labala chowongoka. Mukangomaliza tsukani felemuyo, penti akaumiramo ndiye kuti yatha. Ndipo yambani ndi malaya oyera kapena owala. Pa akuda pamafunika penti woyera wapadera wokhuthala, wamba amangomira.

Woulutsa: Tsopano tidutse malire. Mayi wa ku Chipata akuti: "Ku Mfuwe ndinaona nsalu zokongola za mizere yoyera, anthu n'kundiuza kuti amajambula ndi phala. Kodi n'zoona? Nanga zitenje zathuzi nazo amadinda ndi manja?"

Mlangizi: N'zoona, mayi, ndipo njira imeneyi ndimaikonda kwambiri. Ku Mfuwe kuli a Tribal Textiles amene amagwira ntchito yotere. Ku Zimbabwe amaitcha sadza batik, chifukwa amagwiritsa ntchito ufa womwewu wa nsima. Ayoruba a ku Nigeria, makamaka ku Abeokuta ndi ku Ibadan, ali ndi nsalu yotchedwa adire: amaphika phala la chinangwa, n'kulijambula pa nsalu ndi nthenga ya nkhuku kapena kulidutsitsa pa lata lobowola, kenako n'kunyika nsaluyo mu utoto wa buluu. Nzeru yake ndi imodzi: pomwe pali phala, utoto sufika.

Kunyumba chitani chonchi. Sakanizani ufa wa tirigu ndi madzi ozizira, kapena phikani ufa woyera kapena wa kondowole, likhale ngati phala la mwana, lopanda mibulu. Thirani m'botolo la pulasitiki lobowola chitsekerero ndi msomali. Yalani nsalu yochapa kale, muikhome m'mphepete ndi mapini, chifukwa phala likamauma limaikoka. Jambulani mizere yanu pofinya botolo, muyanike padzuwa mpaka phala liume gwa. Mukafuna timing'alu tija timakongoletsa batik, ifinyeni nsaluyo pang'ono m'manja kuti phala lisweke. Ndiye pakani penti wa nsalu ndi bulashi, mtundu uliwonse m'chigawo chake. Musainyike m'madzi, phala lingasungunuke. Penti akauma, palani phala ndi mpeni wobuntha, musite kumbuyo monga ndauzira amayi a ku Mchinji, kenako muchape. Mizere ija imatuluka yoyera mbee. Ntchito imeneyi imafuna dzuwa la chilimwe. M'dzinja phala limachita nkhungu lisanaume.

Za zitenje, ayi, zimene timagula pamsika amadinda ndi makina. Koma gwero lake ndi la manja. Pa chilumba cha Java ku Indonesia amajambula nsalu ndi phula losungunula, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO linaika batik wawo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a ku Netherlands anayesa kutsanzira nsaluzo ndi makina, ndipo msika wake waukulu anakaupeza kumadzulo kwa Africa. Kampani ya Vlisco, imene inayamba mu 1846 ku Helmond, ikupangabe nsalu zotere. Ndiye amayi, musapikisane ndi fakitale pa mtengo wa chitenje, simungaipose. Pangani zimene fakitale sipanga: nsalu ya patebulo, zovundikira mapilo, zikwama, zokhala ndi chambo, mlambe kapena nkhanga zojambula inu eni.

Woulutsa: Nthawi yatithera, koma tiwerenge yomaliza. Bambo wa ku Dedza akufunsa ngati angadinde ndi utoto wa zomera m'malo mogula.

Mlangizi: Bambo, alipo amene amatero. Ku Ntonso, pafupi ndi Kumasi ku Ghana, amasema zizindikiro za adinkra pa zidutswa za chipanda, ndipo utoto wake amaupeza powiritsa makungwa a mtengo wotchedwa badie mpaka madziwo atakhuthala n'kuda bii. Koma utoto umenewo sulimba m'madzi, n'chifukwa chake nsalu zotere sazichapa wamba. Kwathu kuno makoko a anyezi amapereka chikasu, nthanga za mapeyala zimapereka kufiirira kowala, ndipo madzi amene munaviikamo misomali ya dzimbiri amadetsa mitundu imeneyi. Wiritsani mpaka madzi atsale ochepa, muthiremo sitachi pang'ono wa chinangwa kuti akhuthale, mudinde pa makadi ndi pa mapepala okutira mphatso. Pamenepo zimagwira bwino. Pa nsalu yogulitsa, dindani kaye chigamba, muchidule pakati, theka mulichape kangapo n'kuliyanika padzuwa, kenako muyerekeze ndi linzake musanalandire ndalama ya munthu.

Woulutsa:  Makalata otsala tiwawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.