Mmene MRI Imalondolera Khansa ya Kumapeto kwa Matumbo mu Anabere

Khansa ikamera m'chigawo chomaliza cha matumbo, chija chimasunga chimbudzi chisanatuluke, dokotala wa opaleshoni amafuna yankho asanagwire mpeni: kodi yafika kale mu anabere? Anabere ake si a m'khwapa aja munthu amawamva ndi chala. Awa amabisala m'mafuta okuta thumbolo, mkati mwa chiuno, ndipo amaoneka bwino pa MRI.

Ntchito imayambira pa wodwala. Avule chilichonse chachitsulo, ndipo ngati ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda anene msanga, chifukwa makinawa ndi maginito amphamvu zedi. Kenako agone chagada pafupifupi theka la ola, makina akugogoda m'makutu. Zipatala zambiri zimabaya jakisoni wa Buscopan kuti matumbo adekhe. Kusuntha pang'ono kokha kumafafaniza m'mphepete mwa mwanabere, pomwe m'mphepetemo ndi momwe muli nkhani yonse.

Wojambula naye ali ndi gawo lake. Atenge zithunzi za mtundu wa T2, zopyapyala mamilimita 3, zodula mopingasa chotupacho, ndipo akwere nazo m'mwamba motsata mitsempha ya magazi. Anabere ogwidwa ambiri amapezeka pamene pali chotupa kapena kumtunda kwake pang'ono. Zithunzi za diffusion zimathandiza kuwapeza chifukwa amawala mbee, koma wabwino ndi wodwala amawala chimodzimodzi.

Apa ndiye pofunika kufatsa. Kale madokotala ankangoyeza kukula, koma kukula kumanamiza. Mwanabere amatupa ngakhale ndi chilonda wamba cha m'thumbo, pomwe wina wochepa ngati njere ya mapira amakhala atadzala khansa. Mu 2003, Gina Brown ndi anzake ku Britain adayerekeza zithunzi za MRI ndi anabere ochotsedwa pa opaleshoni, napeza kuti m'mphepete mokumbizika ndi mkati mwa mawangamawanga zimaulula khansa kuposa kukula.

Bungwe la ESGAR, la madokotala owerenga zithunzi za m'mimba ku Ulaya, lidagwirizana mu 2016 njira yoti aliyense atsate. Dokotala ayeze mwanabere m'mimba mwake, osati mulitali. Akafika mamilimita 9, ngokayikitsa basi. Wa mamilimita 5 mpaka 8 akayikiridwe ngati ali ndi zizindikiro ziwiri mwa zitatu izi: kubulungira, m'mphepete mokumbizika, mkati mosakanikirana. Wochepera mamilimita 5 akhale nazo zonse zitatu. Wodzala ndi zamamina zochokera ku chotupa ngokayikitsa, kaya akhale wamng'ono bwanji.

Akawapeza, aone pomwe akhala. Mafuta okuta thumbo ali m'kachikopa kopyapyala, ndipo opaleshoni yomwe Bill Heald wa ku Basingstoke adaifotokoza mu 1982 imachotsa phukusi lonselo osaliboola. Mwanabere amene ali mkati mwa phukusi amachoka nalo limodzi. Chodetsa nkhawa ndi khansa yoyandikira kachikopako ndi milimita imodzi kapena kucheperapo, ndipo kafukufuku wa MERCURY, wofalitsidwa mu 2006, adatsimikiza kuti MRI imaonetsa mpata umenewu modalirika.

Kunja kwa phukusi, m'mbali mwa chiuno, kuli anabere ena omwe opaleshoni ya Heald siwakhudza. Madokotala a ku Japan akhala akuwachotsa kwa zaka zambiri, pomwe a ku Ulaya ankadalira kuwawotcha ndi radiyesheni. Kafukufuku wa odwala 1,216 a m'mayiko angapo, wofalitsidwa mu 2019, adaonetsa kuti mwanabere wa m'mbali akafika mamilimita 7 kuwotcha kokha sikukwanira. Khansa idabwerera m'mbalimo mwa odwala 19.5 pa 100 alionse omwe sadachotsedwe anaberewo, poyerekeza ndi 5.7 mwa ochotsedwa. Wowerenga zithunzi amene sayang'ana m'mbali mwa chiuno amamulakwira kwambiri wodwala.

Tsopano alembe lipoti. N0 ndiye kuti palibe wokayikitsa, N1 ndi mmodzi mpaka atatu, N2 ndi anayi kapena kuposerapo. Atchule pomwe aliyense ali, anenenso ngati khansa yalowa m'mitsempha ya magazi yapafupi. Pomwe akukayika alembe kuti akukayika. MRI imalakwitsa kawirikawiri pa anabere kusiyana ndi pa chotupa chenicheni, ndipo N1 yolembedwa mopupuluma ingatumize munthu kukawotchedwa popanda chifukwa, n'kumusiya ndi mavuto a chimbudzi, mkodzo ndi m'banja kwa zaka. N'chifukwa chake chigamulo chimamangidwa pamsonkhano wa madokotala a opaleshoni, a khansa ndi a zithunzi, osati ndi munthu mmodzi. Wodwala kapena womusamalira afunse mosaopa: anabere okayikitsa ndi angati, ali mkati mwa phukusi kapena m'mbali?

Amene wayamba ndi radiyesheni ndi mankhwala a khansa amajambulidwanso pakatha milungu 6 mpaka 8 kapena kuposerapo, ndipo abwere ndi zithunzi zoyamba kuti ziyerekezedwe. Panthawiyi kukula kumadalirika ndithu: mwanabere wa m'phukusi amene wafota kufika pansi pa mamilimita 5 amatengedwa kuti wayera. Opaleshoni ikachitika, dokotala wa ku labotale amafunafuna anabere osachepera 12 m'mafuta ochotsedwawo n'kuwaunika pa maikulosikopu, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zimathandiza kugamula ngati wodwala apitirize kulandira mankhwala.